Madala Oyanika Nsalu Zouma

"Mpira sudziwa msinkhu wa wouponya!" Amatero madala oyandikana nafe kuno ku Lubbock, ku America, chifuwa chili patsogolo, pomwe iwowo potsegula bokosi la makalata amachita kunyanyamphira. Ine ndimawayeseza mpaka kayendedwe, amayi n'kundigenda ndi nsapato.

Mdzukulu wawo Tavion ndi kotabeki pa mpira wachimereka, uja amaponya mpirawo ndi dzanja ataima kumbuyo kwa zimphona zisanu. Dzanja ali nalo, koma makoleji atatu amukana kale. Akuti ndi wamfupi, sangaone kutsogolo. Akapanda kutengedwa chifukwa cha mpira, sukulu yathera pomwepa, poti za fizi palibe.

Ndiye m'mawa uliwonse madala amayanika nsalu za pabedi zisanu, zouma kale, n'kumuimika Tavion kuseri kwake. "Usasuzumire pamwamba iwe, si mpanda wa eni! Dikira mphepo itsegule mpata!" Ine ntchito yanga n'kuthamanga mbali inayo, kuwakha.

Lachisanu kunabwera bambo wina wa ku kakoleji kenakake, tepi ili m'manja. Anamuvula Tavion nsapato, n'kumuyeza, n'kupukusa mutu, uyo wa ku galimoto. Madala anangoti, "Ponya." Mphepo inakupiza nsalu, mpira unadutsa pakati, phaa pachifuwa panga, ine chagada m'maluwa. Bambo uja anabweza makiyi m'thumba. "Ponyanso, mnyamata." Kasanu konse, kenako anati Tavion apite ku kolejiko akamuyese mwezi wamawa.

Atachoka ndinati, "Madala, nzeru zonsezi, nanga inu makoleji anakusiyani bwanji pa nthawi yanu ya mpira?"

"Iwe, mwana wopanda ulemu! Ine ndinalibe agogo ngati ine."