Mthunzi umene ba injiniya anaukana

Anthuni, izi ndikufuna kukuuzanizi si nkhambakamwa ayi, zinandichitikira ine ndemwe, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anaona nawo ena adakali moyo. Sinditchula dzina la munthu, koma mwini wake akamva adzizindikira yekha, ndipo ngati zimuwawe zimuwawe ndithu, ine zandiwawa zaka zonsezi.

Chitangotha chilala chija cha chimanga chachikasu, kwathu kudera la Nkomeshya kunabwera anthu a pulojekiti ya madzi. Anakumba chitsime chakuya ndi makina, anaika injini ya dizilo, kenaka anaimika miyendo yachitsulo italiitali n'kukhazikapo chithanki chachikulu, mapompi ali chapambali pang'ono. Inu amene simunafukulepo mchenga wa mumtsinje ndi mbale kudikira timadzi tamatope simungamve mmene tinakondwera. Miyala ndi mchenga tinasenza ife azimayi pamutu, tikuimba. Woyang'anira ntchito yonse anali mwamuna wa ku Lusaka amene tonse tinkangomuti ba injiniya, munthu waulemu, wopereka moni wa manja awiri, wodya nafe delele osanyinyirika. Tinkawakonda, ndisaname.

Pamalopo panalibe mtengo ngakhale umodzi, yonse inathera ku makala, ndiye mthunzi wokhawo unali wa pansi pa thankiyo. Tsiku lotipatsa madzi athu, mukudziwa kwathu mlendo wolemekezeka sakhala padzuwa, ife tinasesa pansi pa thanki, tinazira bwinobwino, tinaikapo mipando yobwereka kutchalitchi. Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, mtsikana woseka kwambiri amene ndinkakhala naye nyumba imodzi, anayala chitenje chake chatsopano pampando wa ba injiniya. Iwo anafika ndi akazi awo ndi kamwana kawo kakakazi. Atangoona pamene tawakonzera, nkhope inasintha, anati ayi zikomo, iwo anazolowera dzuwa, mpandowo tiutulutse chabe. Akuluakulu anawachonderera, iwo osamva, mpaka ananyamula okha mpando wawo ndi wa akazi awo n'kukakhala poteropo, thukuta lili kamukamu. Pakati pa mwambo kamwana kawo kanathamangira kumiyendo ya thanki kukasewera ndi ana athu, ndipo bambo wofatsa uja analumpha, kukagwira mkono, kukakoka, mbama phaa pamaso pa anthu.

Mukuganiza ife tinati chiyani? Ena anati koma munthu wodzichepetsa, watisiyira mthunzi eni mudzi. Ena anati anthu a m'tauni amaopa mankhwala, akuganiza tatchera pampando. Mlamu wanga anandinong'oneza kuti mwina aona nsabwe pachitenje chake, ndipo tinaseka mpaka misozi. Kupusa kwake! Ana athu anatsala pomwepo pansi pa thanki, iwo akuwaona ndi maso awo awiri.

Kuyambira pamenepo pansi pa thanki panasanduka pathu azimayi. Kulukana tsitsi pomwepo, kusenda nyemba pomwepo, ana kuwagoneka pomwepo tikamachapa. Madzi akamakwera zitsulo zinkalira pang'ono, ife n'kumati thanki yayamba kwaya. Injini inkangoyenda pang'onopang'ono chifukwa dizilo ankavuta, choncho thankiyo sinkadzaza konse, ndipo palibe anatiuzapo kuti zimenezo ndiye zinkatisunga.

Kenaka kunabwera ukwati wa mlamu wanga uja, nyengo yotentha, mvula ili pafupi. Achibale a mwamuna womukwatirayo anabweretsa dizilo kuti madzi asasowe pophika munkoyo, thobwa lathu la kuno, ndiye injini inalira kuyambira m'mawa mpaka madzi anayamba kusefukira pamwamba, ana n'kumavina m'madontho. Ine ndinali ndi khanda langa loyamba, lachitsikana, losayamba n'kukwawa komwe. Ndinaligoneka pachitenje mumthunzi monga mwa masiku onse, ine n'kupita kupompi kukatsuka migolo. Mlamu wanga anali chapafupi ndi thanki, anzake akumuseka za ukwatiwo.

Kunawomba kamphepo, kamphepo wamba aka kamanyamula mapesi. Ndinangomva thoo ngati mfuti, kenaka kubuula ngati ng'ombe ikuphedwa. Potembenuka ndinaona mwendo umodzi wa chitsulo ukupindika ngati phesi la chimanga, thanki yonse ikuwerama pang'onopang'ono, ndipo pansi pake ndendende panali mwana wanga, akusewera ndi zala zake. Mayo ine! Ndinataya mgolo n'kuthamanga, koma papompi pamakhala matope, ndinaterereka n'kugwa chafufumimba, ndikukuwa dzina la mwana. Anthu onse ankathawira kunja, koma mlamu wanga anathamangira mkati. Ndinamuona ndili pansi, akutola mwana ndi chitenje chomwe n'kumuponya kutali ngati mtolo wa zovala, ndipo asanatembenuke zonse zinatsika.

Madzi aja anandimenya n'kundigubuduza, m'kamwa matope okhaokha, m'makutu muli zii. Nditadzuka ndinakwawa ngati wamisala kufunafuna, mpaka ndinamva kulira mumzere wa mbatata, mwana ali matope thupi lonse koma wamoyo, wangokalika pachipumi. Mlamu wanga tinamupeza chitsulo chitamupingasa pamsana. Maso anali otsegula, sankalira n'komwe, anangondifunsa kuti mulamu, mwana ali bwanji, kenaka anafunsa kuti nanga miyendo yake ili kuti poti sakuimva. Mawu amenewo mpaka lero ndikamva chitsulo chikulira, ngakhale geti chabe, amandibwerera m'makutu.

Amuna anatukula chitsulo ndi mitengo, tinamuika pangolo mpaka kumsewu wa tala, ndipo kumeneko maminibasi ankangotidutsa ataona magazi, mpaka lole ina inatichitira chifundo kutifikitsa ku Lusaka. Madokotala anati msana wathyoka, sadzayendanso. Munkoyo wa ukwati unasasa m'migolo. Mwamuna womukwatira uja anabwera kuchipatala kangapo, kenaka anayamba kutuma moni, kenaka moni womwe unatha.

Kumudzi nako kunayamba zake, ati thanki singagwe yokha nthawi ya ukwati, alipo wachita, ndipo anthu anayamba kuloza nkhalamba ina yosauka imene inalibe ndi mphamvu yothyola nkhuni. Ine mumtima munali chinthu chimodzi chokha, mpando uja. Ba injiniya atabwera ndi anzawo kudzayeza zitsulo zogwazo, ndinawatsata kugalimoto mwana ali kumbuyo, ndinagwada monga mwa ulemu, n'kunena kuti ba injiniya, niuzeniko chabe chinthu chimodzi, tsiku lija munakaniranji kukhala mumthunzi?

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anayankha motsitsa mawu. Anati miyendo ija iwo anaijambulira thanki yaying'ono, koma mabwana awo anabweretsa yaikulu kuti alendo odzaona ntchito akagome. Anati iwo anawauza mabwanawo kuti zitsulo n'zowonda, sizingapirire thanki ikadzaza, koma anayankhidwa kuti tsiku la mwambo silingasinthe. Ntchito anali atangoyamba, ana akufuna kudya, ndiye anavomereza kuti zonse zili bwino, akuganiza kuti adzabweranso kudzalimbitsa, komanso poti dizilo ankavuta ankaona ngati sitidzaidzaza. Anamaliza n'kunena kuti mayi, mbali yanga ine ninachita, ninawauza.

Ninawauza! Anauza mabwana amene sankakhala pansi pa thankiyo. Anauza akazi awo, paja nawonso anakhala padzuwa osafunsa. Kamwana kawo anakauza ndi mbama. Nanga ife? Kutsegula pakamwa n'kunena kuti amayi, musamagoneke ana apa, musamadzaze thanki iyi, kukanawachotsa ntchito? Anadya nkhuku yathu tsiku lija akuyang'ana makanda athu ali pansi pa chinthu chimene iwo ankachiopa. Ndinawafunsa zimenezo, iwo anangoti pepani n'kutseka chitseko cha galimoto. Pamsonkhano wa mudzi, masana omwewo, ba injiniya anaimirira n'kunena kuti inali mphepo yamphamvu zedi. Ine ndinaimirira kuti ndinene zimene anandiuza, koma akuluakulu anandikhazika pansi, ati tikakwiyitsa a pulojekiti satipatsanso madzi. Chimene ndinakwanitsa n'choti, poti mawu anga oyamba anali atamveka kale, nkhalamba ija anasiya kuiloza.

Mlamu wanga anakhala m'nyumba mwanga zaka zambiri ndithu, pamphasa, akuluka madoilo oyala patebulo, ndipo kuseka sanasiye ngakhale zilonda za pamsana zinkamudya. Mwana wanga uja anakula akumutcha amayi, ndiye ankamusambitsa ndi kumutulutsa padzuwa, ndipo ndiye anamutseka maso. Chitenje chatsopano chija, chimene ba injiniya anakana kukhalira, ndi chimene tinamufunditsa.

Lero wina akandiuza za ufiti pa nkhani imeneyi ndimamuyang'ana chabe. Ine ndimakhulupirira kuti munthu amene wadziwa kuti chimene wamanga chingaphe, n'kupulumutsa ake okha, wapha ndithu, ngakhale akhale waulemu chotani. Sukulu anapitadi, nzeru anali nazo, anawerengera bwino lomwe, ndiye chimene chimandipweteka kwambiri n'chimenecho, sanalakwitse ayi, ankadziwa. Inu ana athu amene mukuphunzira zomangamanga, mabwana akakana kumva, kauzeni anthu amene adzakhale pansi pake. Ndipo inu anzanga, akakumangirani chinthu, kaya ndi mlatho, kaya ndi kalasi, kaya ndi thanki, musatanganidwe ndi nthungululu. Muikireni mpando wommangayo pansi pake penipeni, ndipo akakana kukhalapo, chotsanipo ana anu.