Atelala Amene Anapereka Mkono Wawo

Lamulungu lapitali m'tchalitchi mwathu, mpando wakumapeto, pafupi ndi zenera long'aluka lija, unalibe munthu. Ndi pamene ankakhala mayi amene tonse tinkangowatchula kuti Atelala.

Anali mwana woyamba m'banja losauka. Ali mtsikana, mng'ono wawo anadwala matenda otupa thupi, ndipo iwo ndiwo ankamubereka popita kuchipatala mpaka anamwalira. Atakula anaphunzira kusoka n'kukwatiwa ndi kalipentala. Nsalu zonse za paguwa zinadutsa pa makina awo.

Ali ndi ana atatu, dokotala wina anabwera kutchalitchi kudzapempha anthu athanzi kuti amuthandize pa kafukufuku. Anafotokoza kuti m'magazi muli mapuloteni amene amagwira madzi kuti asathawire m'minofu. Odwala impso ena amawataya mumkodzo, n'chifukwa chake amatupa. Iye ankafuna kubaya anthu abwinobwino puloteni yoikidwa kachizindikiro ka radiyeshoni, kenako aziona ndi makina mmene ikuyendera m'thupi, kuti ayerekeze ndi odwala.

Anthu atangomva zoti radiyeshoni, aliyense anayamba kuyang'ana nsapato zake. Atelala okha ndi amene anakweza mkono.

Kunyumba kunabuka moto. "Mayi a ana, mutu ukuyenda? Mukufuna muziwala ngati babu?" anatero amuna awo.

"Magetsi akazima mudzandithokoza, bambo," anayankha akuseka. Kenako anatsitsa mawu. "Ndawafunsa adokotala zonse, akuti n'kochepa kwambiri. Zili ngati kumanga belu pa mbuzi imodzi kuti udziwe kumene zinzake zikulowera. Mng'ono wanga anapita tisakudziwa chimene chinkamudya."

Kwa milungu ingapo ankapita m'kachipinda konunkha sipiriti kukatengedwa magazi, botolo la mkodzo lili m'basiketi atalivundikira nsalu. Jakisoni sanawavute. Chinawapweteka ndi pakamwa pa anthu. Mphekesera inawanda yoti ali ndi poizoni m'thupi. Makasitomala anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. M'tchalitchi, mayi wina anakoka mwana wake kuti asawakhudze. Atelala sanakangane ndi munthu, anangosamukira kumpando wakumbuyo. Ankati, "Wamantha sam'kalipira, amam'pempherera."

Tsiku lina amuna awo anawaperekeza, cholinga akamuuze dokotalayo mawu awiri. Njira yake inadutsa m'wodi ya ana otupa nkhope mpaka maso osaoneka. Bambowo ataona anawo, ukali wawo wonse unatha. Pobwerera ananyamula basiketi ija okha, ndipo anainyamula mpaka kafukufuku anatha.

Dokotala sanawalonjeze zozizwitsa. Anangowathokoza n'kuwauza kuti magazi awo akhala muyezo woyerekezera odwala. Makasitomala ena anabwerera, ena ayi. Atelala anasokabe mpaka maso anakana kulowetsa ulusi m'singano. Atasiya, ankayendera odwala ndi ndodo yawo, ngakhale amuna awo atatsogola kale.

Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala, mtima utafooka. Atalandira mgonero wa Ambuye, anaitana mwana wawo wamkazi n'kumunong'oneza kuti, "Ukalira, usachedwe nazo. Mayi ali pabedi ilo alibe womuyang'anira, ndipo chiyambire m'mawa sanamwe madzi."

Anatseka maso mwamtendere dzuwa likadali pamutu. Mwanayo anawafunditsa bwinobwino, nalira. Kenako anapukuta misozi, anatenga kapu, n'kupita pabedi linalo.

Ambuye amulandire mtumiki wawoyu, ndipo ife otsala atitsegule maso.