Ndinathawa Apongozi, Ndinakakumana ndi Lole

Linali Lachiwiri cha m'ma naini koloko m'mawa, nyengo yogulitsa fodya, pamene manyazi anga anatsala pang'ono kundiphera mwana.

Amuna anga anali ku Halale, ndipo njinga yawo anaisiya m'nyumba. Ndinaphunzira kupalasa mobisa, kuseri kwa dimba, poti kwathu ku Mpingu mkazi wokwera njinga ankamuseka. Mwana wanga Losina atatentha thupi, ndinamumanga mu mbereko n'kupalasa kupita kuchipatala ku Lilongwe.

Nditafika pa masitolo a Amwenye, ndinaona apongozi anga aamuna akubwera kutsogolo kwanga. Inu owerenga, mukudziwa mwambo wathu: apongozi sitikumana nawo maso, timapatuka. Nanga andione miyendo ili pa njinga ya mwana wawo? Ndinakhotera m'kamsewu kopanikiza pakati pa masitolo.

Sindinadziwe kuti kamsewuko n'kolowera mbali imodzi yokha. Chikwangwani chinalipo, koma sukulu ndinalekeza koyambirira, ndipo kumudzi njira iliyonse timapita nayo n'kubwerera nayo. Lole yodzaza mabelo a fodya inatulukira pokhota, dalaivala osayembekezera munthu kutsogolo kwake. Pothawira panalibe koma ngalande.

Apa pokha ndimadzitama. Ndikugwa, ndinadzipotokola kuti ndifike pansi chafufumimba. Chibwano chinang'ambika, dzino linatsala pomwepo, koma Losina kumsanaku sanakalike ndi pang'ono pomwe.

Woyamba kufika anali apongozi omwewo. Anaima chapatali, akuyang'ana kumbali monga mwa mwambo. Ine amene ndinali ndisanawayankhulepo chikwatiwire ndinakuwa kuti, “Bambo, tayandikirani, landirani mwanayu!”

Anamulandira. Anayenda naye mpaka kuchipatala, ine ndikukankha njinga pambali pawo. Pobwerera anandionetsa msewu wolowera ndi wotulukira, nati, “Amake Losina, mwana wanga anasiya njinga m'manja mwa munthu, eti.”

Amayi anzanga, ulemu ndi wabwino, koma msewu wa m'tauni sudziwa apongozi. Musakhote musanaone kumene magalimoto akulowera, ndipo ngati simudziwa, tsikani mufunse. Kufunsa kukanandisungira dzino.

Adokotala anati tibwerenso kudzabayitsa jakisoni wina. M'mawa mwake ndinawongola chiwongolero cha njinga chimene chinapindika pa ngozi ija, ndinabereka Losina, n'kudutsa pakati pa mudzi ndili pa njinga, anthu onse akuona. Pakhomo pa apongozi ndinatsika, ndinagwada, ndinawadzutsa, kenaka ndinakweranso.