Zitsulo za Lachisanu za Binali

Binali Tawakali ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu Saida. Ndinamutenga kwathu ku Ntaja mu 1995 kudzakhala naye kuno ku Joni, m'kachipinda kakuseri ku Alexandra. Sukulu analekera Fomu 2. Koma manja ndi maso, Mulungu sanamumane.

Ntchito anaipeza pa kampani ina ya ku Kempton Park yoyesa zitsulo za m'mainjini a ndege. Anayamba ndi tsache. Pofika 2003 ndiye ankayang'anira ng'anjo zoyeseramo. Anandifotokozera mpaka ndinamva. Chitsulocho n'cha nikelo, chopirira moto woopsa, komabe motowo umachidya pang'onopang'ono. Ndiye amachikuta ndi aluminiyamu wopyapyala ngati khungu. Kenaka makina amachikoka n'kuchisiya, kuchikoka n'kuchisiya, chili m'moto, mpaka chithyoke. Binali ankalemba kuti chapirira kangati.

Tsono pali Kombe, mwana wa aneba athu a ku Lusaka, Amayi Chilekwa. Iyeyo ali ndi digiri. Amene anamuuza kuti ku kampani kuli malo ndi Binali yemweyu. Tsiku loyamba lomwelo Kombe anapatsidwa ofesi ndi jasi loyera, wanga akadali mu ovolosi chaka chachisanu ndi chitatu. Amake ankachapa jasilo Loweruka lililonse n'kuliyanika kutsogolo kwa waya wathu tonse.

"Ba gogo, sunthani ovolosiyo, idetsa jasi la injiniya!"

Ndinkasuntha, mtima ukuwira.

Binali saphonya mapemphero a Juma. Lachisanu masana, popeza panalibe womusiyira, ankazimitsa moto wa ng'anjo poopa ngozi, makina okoka n'kuwasiya akuyenda, ulendo ku mzikiti. Pobwera ankayatsanso. Sanabise, ankalemba m'buku. Kungoti bukulo panalibe ankaliwerenga.

Zitsulo zina zokutidwa zinayamba kuthyoka msanga, zosafika ndi theka lomwe la zinzake. Miyezi itatu mabwana akukanda mitu. Amene anatsegula buku lija ndi Kombe, n'kupita nalo kwa bwana. Binali anafika kunyumba nkhope ili pansi.

"Anganga, akuti ndawononga ntchito ya miyezi itatu. Lolemba ndikatenge katundu wanga."

"Wakunenera ndani?"

"Sanandinenere. Kombe wangowerenga zimene ndinalemba ndekha."

"Usamuikire kumbuyo! Unamulowetsa ndiwe!"

Ndinkafuna kukagogoda kwa Amayi Chilekwa nthawi yomweyo. Binali anandigwira mkono. Anati ali ndi chitini ku ntchito. Mwana ameneyu sataya kanthu, anatengera malemu agogo ake aamuna. Chitsulo chilichonse chothyoka ankachikulunga m'pepala, n'kulembapo tsiku.

Lolemba analawirira, n'kuyala zidutswa zonse patebulo la Kombe.

"Injiniya, tayang'anani pa galasi lanu lokuzira zinthulo musanandithamangitse."

"Ba Binali, nkhaniyi yatha kale."

"Yang'anani kaye. Izi n'za Lachisanu zopanda khungu. Zinazizira nazonso, koma zinapirira bwinobwino. Izi n'za Lachisanu zokutidwa. Mng'alu wayambira pati?"

Kombe anayang'ana nthawi yaitali. Mng'alu unkayambira pakhungu n'kulowa m'kati. Khungu lija likakhala pamoto limafewa, limatamuka limodzi ndi chitsulo n'kuchiteteza. Likazizira limauma gwa, ndipo ukalikoka limang'aluka, mng'aluwo n'kudya chitsulo chimene linayenera kusunga.

"Nanga injini ya ndege sizizira?" anafunsa Binali.

Anapita awiriwo kwa bwana. Ntchito ya Binali sinathe. Anamuchenjeza kuti asadzazimitsenso ng'anjo osanena, n'kumupatsa munthu womusiyira Lachisanu. Kuyambira pamenepo kampani inayamba kuyesa dala zitsulo zozizira.

Mukuganiza kuti ku msonkhano wa akatswiri a zitsulo ku Cape Town anatumiza yani? Kombe. Pa ndege. Pepala lofotokoza zonsezi linatuluka ndi dzina lake pamwamba, zilembo zikuluzikulu. Amake anaika tsamba loyamba m'felemu, n'kundiitana kuti ndikamwe tiyi pansi pake. Ndinapita, ndinavala magalasi, ndinawerenga tsamba lililonse ngakhale Chingerezi chake chinali cha miyala. Kumapeto kwenikweni, tizilembo ngati nyerere: tikuthokoza B. Tawakali, amene anaona ming'aluyi poyamba.

"Mundibwereke pepalali, amake Kombe."

"Mukalitani, ba gogo?"

"Ndikaliwerenge bwino."

Ndinakwera tekisi mpaka ku Joubert Park, kwa Ajibu wa makina a fotokope. Ndinamuuza akuze mzere umodzi wokhawo mpaka udzaze pepala lonse. Anakuza kanayi. Felemu ndinagula yoposa yawo, n'kuikhoma moyang'ana pakhomo, kuti aliyense wopita ku mpopi aione.

Binali ataiona anagwira pakamwa. "Anganga, mwadula dzina la mwini pepala?"

"Mwini pepala ali nalo kwawo."

Loweruka lotsatira ndinachapa ovolosi m'mamawa n'kuiyanika kutsogolo kwa waya. Amayi Chilekwa anatuluka ndi jasi lawo, anayang'ana ovolosi, anayang'ana ine. Sindinasunthe.