Wofuna Kubisala ku Malawi

Mnzanga wina wakuntchito kuno kutsidya la nyanja, mumzinda wa Markham, mzungu, ankakhulupirira kuti dziko latsala pang'ono kusokonekera. Anadzaza chipinda chapansi ndi zakudya zam'zitini, kenako anaganiza zothawira kwathu ku Malawi ndi banja lake. Anandifunsa chilolezo chomuyenera: cha bizinesi kapena chokhala mpaka kalekale? Ine, amene sukulu yanga yaikulu ndi laibulale ya ku North York, ndinakawerenga mpaka maso kuwawa, n'kumufotokozera ngati loya weniweni.

Atamvetsa, anati akufuna malo akutali, kopanda womudziwa.

“Achimwene,” ndinatero, “kwathu kulibe kobisala. Mukamajomba kumaliro a anzanu, manda anu adzakumba ndani?”

Mnzangayo sanasamuke. Mpaka lero akadali kwawo ku Oakville, koma akuti anayamba kupereka moni kwa anthu oyandikana nawo nyumba.