Tizithunzi ta Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anasiya usodzi chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma. Anagulitsa bwato ndi maukonde, anakagula kompyuta yakale ku Songani, sola ndi batire, n'kutsegula kashopu kobena nyimbo pamsika wathu kwa Mwambo. Munthu ankabwera ndi memori khadi, iwo n'kumuikiramo makwaya, mafilimu, nyimbo za Chilomwe, chilichonse chimene wafuna.

Ine kompyutayo inkandinyansa. Ndinali nditaphunzirako za makompyuta ku Zomba ndipo mutu unali utakula. Pasikirini pawo panalibe foda yooneka ngati foda. Apa kachithunzi ka tchalitchi chathu, apo ng'oma, uko thumba la mpunga, kwinaku nkhope ya mwana wawo akuseka. Ngakhale kamuvi kaja kamene umayendetsa ndi mausi anakasandutsa mlamba wakuda, wonenepa ngati chala chachikulu.

"Alamu, iyi ndi kompyuta kapena chitenje?" ndinkawaseka.

"Isiyeni choncho alamu, imagwira ntchito," ankayankha, osakweza n'komwe mutu.

Anamwalira atadwala masiku owerengeka. Pa tsiku losudzula achemwali, amalume a malemu, amene anachokera ku chilumba cha Chisi, ananena kuti kompyuta ipite kwawo chifukwa mayi sangaithe. Achemwali sanakangane nawo. Anakhala pampando anthu onse akuona, analandira memori khadi ya munthu wina, namuikira nyimbo zisanu zimene anatchula. Amalumewo anakanda kumutu. Anati ikhale kaye, adzabweranso nthawi yokolola mpunga kudzaona ngati shopu ikuyendadi. Ndipo inayenda. Ana atatu ankadya za m'kashopu kameneko.

Ine ndinafika kumudzi mpunga utacha. Achemwali anandidandaulira kuti kompyuta ikuchedwa kuyaka, ndiione. Atapita kumunda ndinapinda malaya. Nyimbo ndi mafilimu ndinazisunga bwinobwino pambali, palibe imene inatayika. Kenako ndinafufuta zonse n'kuyambitsa kompyuta mwatsopano. Tizithunzi tija sindinatisunge, ndinkati ndi zinyalala zimene zikuilemetsa. Ndinapanga mafoda achikasu ofanana, ndinawalemba mayina, nyimbo n'kuzindandalika kuyambira A mpaka Z. Ndinakhala pakhomo kudikira kuti andithokoze. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Achemwali anabwera masana, matope ali m'miyendo. Anayang'ana pasikirini nthawi yaitali.

"Achimwene, tchalitchi chili kuti?"

"Makwaya ali apa achemwali. Si apa palembedwa?"

Anangoyang'ana chala changa pamene chinaloza, kenako anayang'ana ine. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Achemwali anawatulutsa sukulu ali mu Sitandade 2 kuti aziingitsa mbalame mumpunga, ine ndikupita kukalasi. Ndinkadziwa zimenezi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ndinkadziwa, koma sindinafunsepo kuti munthu wosatha kuwerenga akuyendetsa bwanji shopu ya nyimbo. Tizithunzi tija alamu anaikira mkazi wawo. Mlamba uja anaukulitsa kuti maso a achemwali asamavutike kuupeza.

Ndinayesa kukonza. Ndinathamanga ndi foni kukajambula tchalitchi, ng'oma, thumba la mpunga. Koma alamu anali atalowa mkati mwenimweni. Kwaya iliyonse inali ndi kachithunzi kake, woimba aliyense kake, ndipo nyimbo achemwali ankazidziwa ndi malo: yachitatu kuchokera pamwamba, yomaliza pansi pa kanjinga. Ndikawafunsa dzina la kwaya, ankati, "Ija ya nsalu zobiriwira." Akandifunsa ya nsalu zobiriwira, ine sindinkaidziwa. Za mlamba ndinalephereratu kudziwa kuti anaupanga bwanji. Masiku awiri anatha tikungosokonezana.

Loweruka amalume aja anatsika boti la ku Chisi. Anakhala pabenchi m'shopumo, chipewa chili pabondo. Posakhalitsa kunabwera mayi wina wofuna nyimbo za maliro, kwawo kunagwa zovuta. Achemwali anagwira mausi. Kamuvi koyera kaja kanawasowa, anayendetsa dzanja uku ndi uku kukafunafuna. Atakapeza anatsegula foda, nakanikiza nyimbo. M'sipika munatuluka nyimbo ya dansi, yaphokoso. Mayi uja anagwira pakamwa. Achemwali anayesanso, inatuluka filimu.

Ndinatambasula dzanja kuti ndithandize.

"Iyayi bambo," anatero amalumewo mofatsa. "Inu mawa mubwerera kutauni. Tikufuna tione eni ake."

Ndinayamba kufotokoza kuti wolakwa ndine, kuti ndasokoneza ndine, kuti atipatse mwezi umodzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa ngati achemwali angathe kuwerenga zimene zalembedwa pasikirinipo. Achemwali anachotsa dzanja pamausi n'kuliika pamiyendo.

Kompyuta anaikulunga m'thumba, anaimanga panjinga pamodzi ndi sola ndi batire, ulendo wa kudooko. Anthu apamsika anaima kuonerera.

Achemwali sananditukwane. Ndikanakonda akanatero. Pano amagwira ganyu m'minda ya mpunga ya anthu ena, ndipo mwana wamkulu anakakhala kwa achibale chifukwa chakudya sichikwana. Patapita chaka ndinasonkhanitsa kangachepe n'kuwagulira kompyuta ina. Ndinaibweretsa ndekha, ndinalonjeza kuti ndikhala mwezi wathunthu, tiike tizithunzi tonse mmene akufunira.

Anaiyang'ana ili m'katoni, osaikhudza.

"Mwavutika achimwene," anatero. "Koma muja ndinkangotsata mmene anandiikira bambo a ana. Ndikakanikiza, zinkakhala ngati akundilozera okha. Mu iyi nditsata ndani?"

Ndinabwerera nayo ku Zomba.