Phiri Lozondoka pa Khoma Lathu

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 2, ine ndi mng'ono wanga tinadwala chikuku. Bambo ankaphunzitsa pa sukulu ya mishoni kumapiri a Ntchisi, ndipo nyumba yathu inali ndi mawindo a matabwa. Amayi anawatseka onse, poti ankati kuwala kumaononga maso a mwana wachikuku. Tinkangogona pamphasa mumdima, osadziwa ngati kwacha kapena kwada.

Thabwa limodzi linali ndi kabowo pamene panathothoka mfundo. Tsiku lina dzuwa litakwera, ndinatsegula maso n'kuona phiri lathu pakhoma lopaka laimu, nsonga yake italoza pansi. Mitambo inkayenda kunsi kwake ngati madzi a mumtsinje. Kenaka panadutsa amayi atatu ochokera kuchitsime, miyendo ili m'mwamba, ndowa zili lende kumitu, madzi osatayika. Ndinayesa kuti ndi kutentha thupi.

"Achemwali, mukuwaona?" ananong'ona mng'ono wanga.

"Nawenso ukuwaona?"

Titachira, chipinda chija chinasanduka malo osewerera. Anzathu ena ankakhala m'kati, ena n'kukachita zisudzo pabwalo. Mng'ono wanga ankadumpha jingo, kubereka kamwana ka mbuzi, kuvala chipewa cha bambo. Ine sindinkafuna kutuluka. Ndinkatseka ming'alu ndi nsanza, n'kumasendeza nsalu yoyera kufupi ndi kabowo kuti anthuwo aoneke bwino.

Bambo anatipeza tsiku lina akuweruka. Tinaganiza kuti atikalipira, koma anakhala pansi pamphasa, tayi ili m'khosi. Atayang'ana kanthawi anaitana amayi: "Tadutsani pabwalopo ndi lichero lanulo." Amayi anadutsa akung'ung'udza, akupeta chimanga, gaga akukwera m'mwamba ngati utsi.

"Tadutsaninso," anatero bambo, mawu ali pansipansi.

Nditasiya sukulu ku Fomu 2, ndinalowa ntchito m'sitolo ya nsalu pa boma. Mwini wake anali mkulu wina wachisilamu amene ankajambulanso anthu kuseri kwa sitoloyo. Maso ake anali atayamba kuchita khungu. Tsiku lina anandipatsa kamera nati, "Mwana wanga, suzumira apa, undiuze ngati munthuyo ali ndi mutu." Umo ndi mmene ndinayambira. Filimu tinkaitumiza ku Lilongwe pa basi, ndipo zithunzi zinkabwera anthu ena ataiwala kale kuti anajambulitsa.

Anthu ankaima ngati mitengo, manja ali m'mbali, pafupi ndi wailesi yobwereka. Zimenezo sizinkandikoma. Ndinayamba kuyenda m'midzi pa njinga, mpaka kutsikira ku Nachisaka, chitenje nditamanga bwinobwino poti akazi sitinkaloledwa kuvala thalauzi. Kamera inkakhala m'dengu pansi pa nsalu. Tonse tinkadziwa zinthu zosayenera kulozedwa ndi kamera, monga milatho ndi maofesi.

Kumeneko ndinakumana ndi mayi wina wa ana atatu. Mwamuna wake anatengedwa pa galimoto tsiku lina, monga mmene anthu ankatengedwera masiku amenewo, ndipo panalibe wofunsa.

"Mundijambulire anawa," anatero. "Bambo awo akadzabwera adzaone mmene ankakulira."

Ana aja anaima pamzere atavala za kutchalitchi, maso ali pansi. Unali mwezi wa Juni, chifunga chikutsika m'mapiri n'kumalowa m'minda yokolola kale. Ndinatsitsa kamera.

"Kodi fulaye mumatha?" ndinafunsa.

Anayang'ana amayi awo, amayiwo n'kugwedeza mutu. Posachedwa mpira wansanza unayamba kuuluka. Ndinajambula mtsikana wamkulu ali m'malere, mpira ukudutsa kunsi kwa mapazi ake, pakamwa pali yasa ndi kuseka. Chithunzi chitabwera, nthaka sinkaoneka. Chifunga chinali chitaimeza, ndipo anawo ankaoneka ngati akusewera pamitambo. Mayi uja anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchikulunga m'kansalu.

Kuyambira pamenepo sindinajambulenso munthu ataima chilili. Agogo ndimawapatsa bawo, akwati ndimawathamangitsa, ngakhale abusa ndinawayendetsapo galimoto ya mawaya. Lero zithunzi zanga zimapachikidwa m'maholo a m'tauni, ndipo achinyamata amati ndi luso latsopano.

Kwa mayi uja ndinkapitako chaka ndi chaka anthu akakolola. Ana anakula, wamkulu mpaka anasiya fulaye n'kuyamba kuluka anzake tsitsi. Chaka china nditafika, ndinapeza bambo wowonda, waimvi, atakhala pakhonde. Anali atayala zithunzi zonse pamphasa, chilichonse atachipsinja ndi kamwala kuopa mphepo.

"Ndinu munajambula izi?" anandifunsa titapatsana moni.

"Ndine, bambo."

"Kumene ndinaliko, ana angawa ndinkawalota ataima phee, osayankhula. Sindinkadziwa kuti ankaseka."

Ndinapempha kuti ndiwajambule nawonso. Anapukusa mutu akumwetulira: "Lero ayi. Mudzabwere ndikanenepa."

Mwana wotsiriza, amene anamusiya ali kumsana, sankawadziwa. Anali atabisala kuseri kwa amayi ake, diso limodzi lokha likuoneka. Bambowo anatola chithunzi chimodzi n'kuchiyang'ana ngati osokonezeka.

"Nanga uyu wakwera mumtengoyu ndani? Ndi nyani?"

Kamtsikana kanasuntha pang'ono. Kanasunthanso. Kenaka kanagwada pamphasa n'kuika chala pachithunzipo.

"Si nyani. Ndine."

"Ndiwe? Unakwera wekha?"

Kanayamba kufotokoza nthambi imene kanapondapo, ndi ina imene inathyoka, dzanja lake litatsamira pabondo la bambo ake mosazindikira. Amayi ake anandipatsa thobwa m'chikho, ndipo ndinamwa pang'onopang'ono ndikumvetsera.